Zisudzo, Nyimbo ndi Magule a ku Malambo

Boma la Mambwe lili m'chigwa cha Luangwa, m'chigawo cha kummawa kwa Zambia. Wochokera ku Chipata amatsetsereka ndi msewu wa ku Mfuwe, mapiri n'kumatsala m'mbuyo, mpaka kufika kudera lotentha la mitengo ya tsanya ndi malambe. Kutsidya kwa mtsinje wa Luangwa, chakumadzulo, kwatchinga mapiri a Muchinga. Eni nthaka ndi Akunda, ndipo chigwachi amachitcha Malambo. Mafumu awo ndi 6: Mfumu Yaikulu Nsefu, Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro. Kuno gule ndi sewero sizidikira holo ya mipando ndi magetsi. Pabwalo la mfumu, pansi pa mtengo wa mango kapena pabwalo la mpira la sukulu, malo akwana.

Mwambo waukulu wa Akunda ndi Malaila, womwe umachitika chaka ndi chaka m'nyengo yachilimwe kwa Mfumu Yaikulu Nsefu. Mbiri ya pakamwa imati makolo a mtunduwu anachokera ku ufumu wa Aluba, m'dziko limene lero ndi Congo, ndipo anafika m'chigwachi motsogozedwa ndi Mambwe, amene dzina lake ndilo linapatsidwa kwa bomali. Malaila amakumbutsa chisangalalo cha kale, pamene amuna olimba mtima ankabwerera kumudzi atapambana nkhondo kapena atapha mkango wovutitsa anthu. Ankalowa m'mudzi akuimba, amayi n'kuwachingamira ndi nthungululu. Lero mkango ndi nyama yotetezedwa ndi lamulo, koma nyimbo zinatsala, ndipo anthu ochokera m'madera a mafumu onse aja amasonkhana kudzapereka ulemu ndi kudzavina. Mwambowu sunatchuke ngati Nc'wala ya Angoni ku Mtenguleni kapena Kulamba kwa Achewa ku Mkaika, komabe ndi pamene mwana wa Mkunda amamva mbiri ya kwawo ikuimbidwa poyera.

Gule aliyense amayambira pa ng'oma, ndipo ng'oma imayambira pamoto. Dzuwa likapendeka, anyamata amakoleza moto wa udzu pambali pa bwalo n'kuwamba ng'oma zawo kuti chikopa chikungike. Woimba amagogoda ndi chala, n'kutchera khutu, n'kubwezeranso pamoto kufikira mawu atakwera pamene akufuna. Ena amamata phula pakati pa chikopa kuti ng'oma izilira mozama. Amayi akamva kuti zapsa, amamanga chitenje m'chiuno n'kulowa m'bwalo mozungulira. Chimtali ndi chitelele, magule a amayi ofala m'chigawo chonse cha kummawa, ali ndi ntchito yoposa kusangalatsa. Nyimbo zake zimadzudzula mwamuna woledzera, mpongozi wovuta kapena nyakwawa yokondera, osatchula dzina, koma mwini nkhani amadzidziwa yekha. Magule a kuchinamwali ali ndi malamulo awo: zambiri zimachitika m'nyumba, m'manja mwa anamkungwi, ndipo anthu amaona chabe za tsiku lotulutsa namwali.

Mipingo inabweretsa kaimbidwe kena. Mishoni ya Anglican ku Msoro inayambidwa ndi wansembe wochokera ku Nyasaland, Leonard Kamungu, amene anamwalirira komweko mu 1913. Ku Kamoto kuli mishoni ya Reformed Church in Zambia. Makwaya a mipingo ndiwo sukulu yoimba ya achinyamata ambiri m'bomali.

Zisudzo zamakono za ku Mambwe sizingamveke popanda kunena za nyama. Mu 1950 woteteza nyama zakutchire Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kuti gawo la dziko la mfumuyo likhale la nyama ndipo alendo azilipira podzaziona. Mu 1972 South Luangwa inakhala paki ya dziko, yokula masikweya kilomita 9,050. Pakiyi ilibe mpanda. Njovu imaoloka Luangwa usiku, n'kumaliza munda wa chimanga kapena kugumula nkhokwe, ndipo m'mawa mwake banja limayamba kuwerenga miyezi ya njala. Nayenso munthu amatchera msampha wa waya kufuna nswala ya ndiwo, koma wayayo sasankha: amakola mkango, fisi, ngakhale chitamba cha mwana wa njovu. Apa ndi pamene pagona mkangano wa m'chigwachi, ndipo msonkhano wa akuluakulu a boma suuthetsa msanga, chifukwa woonongeredwa munda ndi njovu amangokhala duu, mawu ali kukhosi.

Gulu la zisudzo la SEKA, la ku Mfuwe, linakulira pa mkangano umenewu. Njira yake inayambira kutali. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, ophunzira a Chikwakwa Theatre pa University of Zambia ankanyamula masewero kupita nawo kumidzi m'zinenero za anthu. Ochita zisudzo a SEKA amayamba ndi kumvetsera. Amacheza ndi anthu pachitsime, kumunda ndi pamsika, kenaka madandaulo aja amawaumba kukhala sewero la nyimbo, nthabwala ndi gule. Zida zawo n'zochepa. Munthu amawerama, mkono umodzi n'kumalendewera kutsogolo, kuyenda mwapang'onopang'ono uku akugwedeza mutu, ana n'kufuula kuti njovu yafika. Wina amatukula khosi, n'kumaponda monyada ngati nyamalikiti. Anthu akaseka mokwana, nkhani imatembenuka: nyama ija yakodwa, kapena mlimi uja akulira pamunda pake. Pamenepo funso limaponyedwa kwa oonerera, ndipo mayi amene sakanayankhula pamaso pa mfumu amadzuka n'kutsutsa munthu wa m'sewero. Mwa njira yomweyi gululi lakhala likukamba za edzi ndi nkhani zina za umoyo. Sewero lawo lotchedwa Kusanga limaonetsedwanso kwa alendo m'maloji.

Alendowo amabweretsa ndalama, ndipo ndi bwino kuti woimba ng'oma adye thukuta lake. Ku Kawaza, mudzi wa kwa Nsefu, anthu anayamba kulandira alendo mu 1997, ndipo magule ndi mbali ya zimene mlendo amaona. Koma gule wovinira mlendo amafupikitsidwa kuti agwirizane ndi nthawi ya chakudya chamadzulo, ndipo nyimbo yodzudzula imatha mphamvu pamaso pa munthu wosamva Chikunda. Vuto lina ndi lakuti ntchito ya alendo imatsata nyengo: mvula ikagwa, misewu yambiri ya m'chigwa imaduka, misasa ina ya alendo imatsekedwa, ndipo ovina amabwerera ku khasu. Gule wa ku Malambo adzakhalapobe ngati mafumu, masukulu ndi mipingo apitiriza kumupatsa bwalo m'mudzi, pamaso pa anthu amene amamva mawu a nyimbozo.