Noche ndi mphekesera ya maola 8 a tulo

Pa WhatsApp ndi pa Facebook pakhala pakuyenda uthenga wonena kuti noche, mawu a Chisipanishi otanthauza usiku, anapangidwa polumikiza chilembo cha n ndi ocho, yemwe ndi nambala 8, ati chifukwa anthu akale ankadziwa kuti munthu ayenera kugona maola 8. Ofalitsa uthengawu amatchulanso Chipwitikizi, chomwe anthu a ku Tete amachimva tsiku ndi tsiku, momwe noite amamveka ngati oito. Kufananako kulipodi, koma chifukwa chimene akuperekacho n'chopeka, ndipo n'zokhumudwitsa kuona bodza lotere likulowerera m'nkhani za thanzi la anthu.

Noche anachokera ku mawu a Chilatini akuti noctem, pamene ocho anachokera ku octo, ndipo ngakhale awiriwa alibe ubale, onse anali ndi ct pakati, amene ankatchulidwa ngati kt. M'kupita kwa zaka, kumbuyo kwa lilime kunaleka kutsekeratu mpweya potchula k, moti liwulo linafewa mpaka kusanduka i, ndipo Chipwitikizi chinaimira pomwepo, n'chifukwa chake chili ndi noite, oito ndiponso leite, kutanthauza mkaka. Koma ku Castile, komwe Chisipanishi chinakulira, i uja anakokera t m'mwamba mwa m'kamwa kufikira awiriwo atasungunukirana n'kukhala ch, ndipo mkaka nawonso unakhala leche, chonsecho mkaka sukhudzana ndi kuwerenga maola. Lero mawu akuti noche amamveka m'moni wausiku wakuti buenas noches, mu anoche, kutanthauza usiku wapitawu, ndi mu Nochebuena, usiku wa pa 24 Disembala.

Ku Njube, mumzinda wa Bulawayo, komwe zidzukulu za Amalawi amene anadzagwira ntchito kunjanji ndi m'mafakitale zimakhala khomo ndi khomo ndi Andebele, mphekeserayi siingalimbe, pakuti agogo akamati usiku, mnansi kuseri kwa mpanda amati ubusuku, mawu a muzu umodzi wa Chibantu omwe alibe chochita ndi zisanu ndi zitatu. Usiku weniweniwo ku Bulawayo umatenga maola pafupifupi 13 mu Juni ndi 11 mu Disembala.

Akatswiri a za tulo amalangiza munthu wamkulu kugona maola 7 kapena kuposerapo, ana amafunika ochuluka kuposa pamenepa, ndipo amene wakhala akusowa tulo kwa milungu ingapo ayenera kukaonana ndi azaumoyo kuchipatala.