Kusankha felemu yosunga bwino zithunzi ku Luka

LUKA, South Africa — Mudzi wa Luka, m'dera la a Bafokeng pafupi ndi Rustenburg, uli pakati pa migodi ya pulatinamu ya kampani ya Impala. Ambiri mwa obwera kudzagwira ntchito kumeneku amachita lendi tizipinda ta malata. Chithunzi cha ukwati kapena cha kholo lomwe linatisiya nthawi zina chimakhala chimodzi chokhacho, choncho felemu yake iyenera kusankhidwa mosamala.

Mdani woyamba ndi chinyontho. Usiku wozizira wa June ndi July malata amachita thukuta, ndipo chithunzi chogundana ndi galasi chimamatirira n'kusupuka pochichotsa. Felemu yabwino imakhala ndi kakatoni kozungulira m'mphepete kolekanitsa ziwirizi, komanso imatsekeka kumbuyo kuti fumbi lisalowe.

Anthu a m'mudziwu akhala akudandaula kuti nyumba zimanjenjemera akamaphulitsa miyala kumigodi. Motero felemu yopepuka, ya pulasitiki yoonekera m'malo mwa galasi, yokolekedwa pamisomali iwiri, siigwa msanga.

Dzuwa nalo limafwifwitsa zithunzi. Khoma loyang'anizana ndi zenera lipewedwe. Musanatseke felemu, jambulani chithunzicho pafoni n'kutumizira abale kumudzi.