Maphunziro a pafoni asaiwale wa ku Khosolo

Mphunzitsi wa ku Embangweni, Jenda kapena Khosolo yemwe akufuna digiri masiku ano sachita kusiya ana m'kalasi n'kukakhala zaka ku Mzuzu. Sukulu yaukachenjede ya Mzuzu ili ndi maphunziro ochitira kutali, ndipo mbali ina ya maphunzirowa imayendera pa pulogalamu ya pa intaneti yotchedwa Moodle.

Pulogalamuyi adaiyambitsa ndi Martin Dougiamas wa ku Australia ndipo idatuluka mu 2002. Njaulere, n'chifukwa chake sukulu zambiri padziko lapansi zidaikonda. Imagwira ntchito ya kalaliki komanso ya woyang'anira mayeso: wophunzitsa amaikamo manotsi ndi mafunso, wophunzira amalowa ndi dzina lake ndi nambala yachinsinsi n'kutumiza mayankho momwemo. Imalembanso kuti uje adalowa liti ndipo adatsegula chiyani.

Vuto lagona pa wotchi yake. Wophunzitsa amatha kutchera kuti nthawi yakuti ikakwana, khomo lotumizira ntchito litsekeke. Makinawo sadziwa kuti m'mapiri a ku Khosolo netiweki yathawa, kapena kuti foni yagona pasitolo podikira moto. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'dziko muno, pafupifupi 11 zokha ndizo zimaunikira magetsi. Ndiye wa pa Boma la Mzimba amaoneka wakhama, mnzake wa kumudzi n'kuoneka waulesi, chonsecho onse adachezera kuwerenga.

Tidaziona kale izi. Sukulu zitatsekedwa pa 23 March 2020 kaamba ka Covid-19, unduna wa zamaphunziro udaika manotsi a kusekondale pa NotesMaster, ndipo ophunzira amatha kuwatsegula osadula bandulo. Ganizo lidali labwino, koma ulerewo udapindulira mwana amene kwawo kudali foni yamakono. Ambiri kumudzi adangotsala ndi wailesi.

Ndondomeko ya BEFIT, yomwe boma lidayamba mu 2023 m'sukulu za pulayimale, idatenga njira ina. Ana a Sitandade 1 mpaka 4 amaphunzira kuwerenga ndi masamu pa matabuleti okhala ndi pulogalamu ya bungwe la onebillion. Maphunziro onse ali kale m'kati mwa tabuletiyo, safuna intaneti, ndipo moto wake ngwadzuwa. Chotsala ku Mzimba n'chiyankhulo, poti mwana wakuno amayamba sukulu akudziwa Chitumbuka, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Chosangalatsa n'chakuti Moodle nayo ili ndi njira yotere. Pulogalamu yake ya pafoni imalola wophunzira kukopera manotsi pomwe wapeza netiweki, kaya ndi pa Jenda tsiku lamsika, n'kukawerenga kunyumba popanda intaneti. Wophunzitsa angathenso kulekanitsa tsiku lomwe ntchito ikufunika ndi tsiku lotsekeratu khomo, ngakhale kuwonjezera masiku kwa munthu mmodzi yekha.

Zonsezi zimadalira amene wagwira makiyi. Akaika kanema wa ola lathunthu m'malo mwa masamba asanu olembedwa, wadya bandulo yomwe mphunzitsi wa ku Luwerezi adagula ndi malipiro omwewo ogulira feteleza. Atsogoleri a sukulu zomwe zikulemba ophunzira a kutali atayesa kutenga foni wamba, n'kupita nayo ku Mabulabo mvula ili m'kati, akatumize okha ntchito imodzi asadatchere tsiku lotseka.