Timawu titatu ta Chingerezi: on, at, in

Ambiri a ife tili ndi abale ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Kalata ikabwera m'Chingerezi, timafuna kudziwa tsiku limene mlendo adzafike. Tiyang'anitsitse timawu titatu: on, at ndi in.

M'chinenero chathu timati "pa Khrisimasi", timatinso "pa 25 Juni". Kamawu ndi kamodzi: pa. Chingerezi chimasiyanitsa.

On ndi wa tsiku limodzi lokha. Dziko lathu la Mozambique linalandira ufulu pa 25 Juni 1975. M'Chingerezi timalemba: on 25 June 1975. Dzina la chikondwerero likathera ndi Day, ikani on: on Independence Day, on Christmas Day.

At ndi wa nyengo yonse ya chikondwerero, masiku angapo pamodzi: at Christmas, at Easter. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Mwana wanu wa ku Blantyre akalemba kuti adzabwera at Christmas, musafulumire kupha nkhuku pa 25 Disembala n'kukakhala pamsewu kudikira basi. Angafike pa 23, angafikenso pa 27. Mufunseni tsiku lenileni. Koma akalemba on Christmas Day, nkhukuyo igwireni m'mawa.

In ndi wa mwezi ndi chaka: in December, in 1975. Ameneyu savuta.

Tsopano tengani kope ndi pensulo. Ikani kamawu koyenera m'mipata iyi, kenaka muwerengere mnzanu mokweza:

____ Easter
____ April
____ New Year's Day