Amisiri a Malaputopu: Kufomata Kukakanika

Ku Limbe, ku Area 2 mumzinda wa Lilongwe ngakhalenso ku Mzuzu kuli timashopu tokhala ndi tebulo limodzi, mulu wa machaja ndi malaputopu omasulidwa zivundikiro. Eni ake anthu amangowatcha "amakompyuta". Ena anaphunzira ku NACIT kapena ku MUBAS, ena anadzera m'makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, pomwe ena anasulidwa ndi mmisiri mnzawo pa tebulo pomwepo, n'kuwonjezera ndi mavidiyo a pa YouTube.

Kasitomala akafika, mawu ake sasiyanasiyana: "Achimwene, yalowa vayirasi, mungoifomata." Nthawi zambiri sakhala akunama. Mavayirasi amayenda pa maflashi oloŵa m'makompyuta a m'malo osindikizira zikalata, ndipo chizindikiro chodziwika n'chakuti mafoda onse amasanduka ma shortcut. Mavayirasi ena amabwera ndi timapulogalamu tobera chilolezo cha Windows ndi Office, monga KMSpico, tomwe anthu amatola paliponse pa intaneti.

Mmisiri wodziwa ntchito sayamba ndi kufufuta. Amayatsa laputopuyo ndi Ubuntu wa pa flashi, chifukwa vayirasi ya Windows siidzuka mu Linux, kenako amakopera zikalata ndi zithunzi, n'kusiya mafayilo a mapulogalamu omwe angakhale ndi kachilomboko. Disiki ikakhala yokhomedwa ndi BitLocker, amafunsa kiyi ya manambala 48, yomwe kawirikawiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya mwiniwake. Wophunzira amene disseteshoni yake yonse ili m'makinamo ndiye amadziwa kufunika kwa gawo limeneli.

Luso lenileni limaoneka poika Windows yatsopano. Ntchito ifika pakati, makina n'kungoima, kapena kuzima, kapena kuonetsa sikirini ya buluu. Kasitomala amati vayirasi ija yakana kutuluka, ndipo mmisiri wongoyamba kumene amavomereza. Koma zimenezi sizichitikachitika. Pulogalamu yoikira Windows imayendera pa flashi, ndiye vayirasi ya pa disiki imakhala ili gone. Magawo onse a disiki akafufutidwa, mwachitsanzo ndi lamulo la clean mu diskpart, mavayirasi wamba amathera pomwepo. Alipo obisala mu firmware ya makina, monga LoJax yomwe kampani ya ESET inatulukira mu 2018, koma imeneyo inkalunjika mabungwe a boma ku Ulaya, osati laputopu ya mphunzitsi wa ku Ndirande. Chimachitika n'chakuti kuika Windows kumagwiritsa ntchito mwamphamvu disiki, RAM ndi purosesa, motero chiwalo chomwe chinali chofooka kale chimaululika.

Apa mpamene amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mmisiri amayamba ndi chotsika mtengo, chomwe ndi flashi yake yomwe. Maflashi ena a pamsika amanama kukula kwawo, ndipo fayilo ya Windows ikhoza kuwonongeka intaneti ikadukiza poidawunilodi. Uthenga wa 0x8007025D kapena 0x80070570 ukatuluka, amapanga flashi ina ndi Rufus kapena Media Creation Tool pa kompyuta yopanda vayirasi, n'kuyesa pa bowo lina la USB. Vuto likapitirira amatembenukira ku RAM: amayendetsa MemTest86, kapena amachotsa chidutswa chimodzi n'kuyesa ndi chotsalacho. Pambuyo pake amawerenga lipoti la SMART, lomwe disiki imadzisungira yokha za thanzi lake. Hard disk yakale yokhala ndi mbali zowonongeka imachititsa makina kuchedwa ndi kuima, zomwe mwiniwake ankaganiza kwa miyezi kuti ndi vayirasi. Imeneyo ngakhale muifomate kakhumi siichira, imafunika kuisintha ndi SSD.

Laputopu ikamazima yokha popanda uthenga, mmisiri amagwira kunsi kwake. Fumbi la chilimwe limatseka fani, phala lotulutsa kutentha pa purosesa limauma, ndipo makina amadzizimitsa kuti asapse. Batire lakufa nalonso ndi msampha, pakuti magetsi akathima ntchito ili mkati, zonse zimayambiranso poyamba. N'chifukwa chake mashopu ambiri sasowa invetala kapena sola.

Mavuto ena ndi a m'makonzedwe a BIOS. Windows imakana kulowa pa disiki ya GPT ngati makina ayatsidwa m'njira ya Legacy, ndipo imakananso ya MBR ngati ayatsidwa mu UEFI. Pa malaputopu ambiri a purosesa za Intel za m'badwo wa 11 kupita m'tsogolo, disiki siioneka n'komwe mpaka mmisiri ataika draiva ya Intel RST. Wosadziwa amauza kasitomala kuti disiki yafa, n'kumugulitsa ina pachabe.

Ntchitoyi yasinthanso chifukwa cha msika. Malaputopu ochuluka kuno ndi a kaunjika, ma HP EliteBook, Dell Latitude ndi Lenovo ThinkPad omwe anagwira kale ntchito m'maofesi akunja. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, pomwe Windows 11 imafuna TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, kwa Intel kuyambira m'badwo wa 8. Mmisiri ayenera kusankha: kukakamiza Windows 11 polambalala zofunikirazo, kusiya Windows 10 yosalandiranso zigamba za chitetezo, kapena kunyengerera kasitomala kuti ayese Linux Mint. Kuopsa kosowa zigamba kunaoneka mu May 2017, pomwe WannaCry inasokoneza zipatala za NHS ku Britain kudzera pa mpata womwe Microsoft inali itautseka kale mu March chaka chomwecho.

Chovuta cha amisiriwa ndi malipiro. Kasitomala amadziwa mtengo wa kufomata ndipo sauwonjezera, koma maola oyesa RAM ndi disiki saona kuti n'ngoyenera kulipira. Izi zimakankhira ena kuthamangitsa ntchito, makina n'kubwerera pakangotha sabata ziwiri. Palinso nkhani ya chinsinsi: mmisiri amatha kuona zithunzi, makalata ndi mapasiwedi a anthu, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'zinthu za pa kompyuta ya wina popanda chilolezo.

Choncho wopita ndi laputopu kwa amakompyuta angamudziwe mmisiri wabwino ndi mafunso ake. Mmisiri wotere amafunsa ngati mafayilo anasungidwa kwina, ngati makina ankazima okha vayirasi isanalowe, komanso amapempha flashi ya kasitomalayo kuti aiyeretse, popeza ikasiyidwa ndi yomwe idzabwezeretse vayirasi ija tsiku loyamba.