Madzi a Pansi pa Nthaka ku Makanjira ndi Mapiri Oŵateteza

Lero tikambirana za chuma chimene sitichiwona ndi maso, ndicho madzi a pansi pa nthaka. Chitsanzo chathu titenga ku Makanjira, m'boma la Mangochi, kum'maŵa kwa nyanja ya Malaŵi, kufupi ndi malire a Mozambique.

Wina angafunse kuti anthu okhala m'mbali mwa nyanja yaikulu chotere angasoŵenso bwanji madzi. Yankho n'lakuti madzi a m'nyanja akakhala osaŵiritsa kapena osathira mankhwala, amabweretsa kolera ndi matenda ena otsekula m'mimba. Mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri. N'chifukwa chake midzi yambiri imadalira mijigo ndi zitsime.

Nanga madzi a mu mjigo amachokera kuti? Mvula ikagwa pa mapiri a kum'maŵa, monga a m'nkhalango ya Namizimu, mizu ya mitengo ndi masamba ogwa zimaigwira kuti isathamange. Madziwo amaloŵa pansi pang'onopang'ono, nadutsa m'ming'alu ya miyala mpaka kufika mumchenga wa kuchigwa, kumene mjigo umaŵapeza. Phiri likametedwa chifukwa cha makala ndi minda, madzi amangotsetsereka, kukokolola nthaka, ndipo pofika mwezi wa Okutobala zitsime zaphwa.

Amizinda ya m'mapiri anaziwona kale zimenezi. Mitengo ya m'phiri la Ndirande itatha m'zaka za m'ma 1990, damu la Mudi linayamba kudzaza ndi matope, ndipo mzinda wa Blantyre umadalira kwambiri madzi opopedwa kuchokera mu Shire, pa Walker's Ferry, pa mtengo waukulu wa magetsi. Mudzi wa ku Makanjira ulibe ndalama zotere.

Pali zinanso ziŵiri zimene zikukulitsa vutoli. Choyamba ndi kusintha kwa nyengo. Mu 2023 namondwe Freddy anagwetsa mvula yochuluka m'masiku ochepa, ndipo chaka chotsatira kunadza ng'amba mpaka boma linalengeza za ngozi m'maboma 23. Mvula ya mkokomo siiloŵa pansi mokwanira, ndiponso imasefukiritsa zimbudzi n'kuthira zonyansa m'zitsime. Chachiŵiri ndi kuchuluka kwa anthu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 1.1 miliyoni m'boma la Mangochi. Malo amalonda akamakula, nyumba zimathithikana, ndipo chimbudzi ndi chitsime zimayandikana, pomwe mchenga wa kunyanja umadutsitsa zoipa mosavuta.

Tsono tichitenji? Chimbudzi chikumbidwe kumunsi kwa chitsime, pa mtunda wosachepera mamita 30. Wofuna kuboola mjigo ayambe wapeza chilolezo ku National Water Resources Authority, monga likunenera lamulo la za madzi la 2013, pakuti mijigo yambiri pamalo amodzi imalandana madzi. Komiti ya pamjigo izisonkhetsa kandalama mwezi ndi mwezi, chifukwa pampu ya Afridev, imene chiyambi chake chinali kuno ku Malaŵi m'zaka za m'ma 1980, inapangidwa kuti eni mudzi azitha kusintha okha malabala ake akatha. Mafumu nawonso aletse kudula mitengo kumagwero a mitsinje, ndipo alimi a m'mapiri apange akalozera ndi kubzala udzu wa vetiva kuti madzi aziima ndi kuloŵa pansi.

Inu a kumtunda, kumbukirani kuti mtengo umene mwausiya paphiri ndiwo ukumwetsa mwana wa msodzi kugombe. Inunso a kunyanja, thandizani abale anu kubzala mitengo mvula ikagwa.