Droni ikagwa pamtunda, funsani pomwe inanyamukira

Droni ikagwa ikujambula minda ku Chigaru kapena ku Lirangwe, ambiri amathamangira kunena batire. Ine ndimayamba ndafunsa kuti inanyamukira pati.

Madroni ambiri amayeza kutalika kuchokera pomwe anyamukira, osati kuchokera panthaka yomwe akudutsa. Mukauza droni kuti iuluke mamita 50 kuchokera kudambo, mtunda n'kukwera mamita 45, mtengo wa mango ndi wokwanira kuigwetsa.

Droni ikagwa, tsegulani flight log, yomwe ndi mbiri ya ulendo wake. Ngati batire inali bwino, mamota akuzungulira, kutalika kosasintha mpaka kugunda, cholakwika ndi dongosolo la ulendo.

Boma ndi UNICEF adatsegula dera loyesera madroni ku Kasungu mu 2017, ndipo luso la madroni tiyenera kulisamala. Nyamukirani pamalo okwera, yatsani terrain follow kuti droni izitsatira kukwera kwa nthaka, ndipo musaulutse pafupi ndi bwalo la ndege la Chileka popanda chilolezo.